Basi ya ku Munda Wanga

Bambo anga anagwira ntchito m'mayadi a ku Kabulonga zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo anamera imvi akutchedwabe gadeniboyi. Anasamalira maluwa a azungu, a amwenye, kenako a anthu akuda anzathu amene analemera n'kuyamba kuweta agalu odya bwino kuposa wantchito. Dona womaliza atagulitsa nyumba anawatsanzika ndi kakhasu ka m'manja ndi ovolosi imene anali atavala kale. Iwo eni sanakhalepo ndi dothi lawolawo, ngakhale lokwana kuyalapo mphasa. Kwathu ku komboni ya Mtendere nyumba n'zothithikana. Ukatsegula zenera umagunda khoma la mnzako, ndipo kamalo kotsala pakhomo ndi pomwe timataya madzi otsukira mbale.

Dzina lawo ndi Mutale, Mbemba wa ku Mpika, koma m'komboni onse ankawaitana kuti bashi Mwango, kutanthauza bambo ake a Mwango, ndipo Mwangoyo ndine. Amayi atamwalira ndinawatenga kuti tizikhala nawo m'zipinda ziwiri zimene timachita lendi ine ndi mwamuna wanga Moven. Chaka choyamba zinali bwino. Chachiwiri mutu unayamba kutayikira. Ankaiwala kuti adya kale, ankandifunsa kuti amayi apita kuti, ndipo tsiku lina anamulonjera Moven ngati mlendo n'kumufunsa kuti akufuna ndani. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a ukalamba, ubongo umafota, mankhwala ochiza palibe. Chimene sichinafote ndi manja. Kukangoyamba kucha manja aja ankafuna dothi, ndipo mwini wake ankawatsatira kulikonse kumene apita.

Ine ndimagulitsa m'sitolo ya nsalu ku Kamwala, Moven amawotcherera zitsulo ku Kalingalinga, ndipo tonse timachoka m'mawa. Tinayesa kuwatsekera m'nyumba. Tsiku limenelo ndinawapeza atathyola zikhadabo ziwiri pachitseko, ndipo sindinabwerezenso.

Mwezi wa Ogasiti, m'mawa wina kusanayere bwino, bana Shawn, kapena kuti mayi ake a Shawn, eni nyumba yathu, anatsegula chitseko chawo n'kupeza bambo atagwada pakhomo, akukumba ndi kakhasu kaja. Mayiyo anakuwa. Mmene ndinkatuluka, chitenje chili m'manja, anthu anali atadzaza kale, ndipo wina anali atawagenda mwala pamwamba pa diso. Magazi ankatsikira m'kolala, iwo akungoyang'ana anthuwo modabwa, dzanja limodzi litaphimba pamene anakwirirapo. Anthu anawakankha n'kufukula pamalopo kuti aone mankhwala. Anapeza nyemba zitatu.

Mukuganiza kuti anthuwo anachita manyazi? Ayi ndithu. Mayi wina, amene Lamulungu amaima patsogolo penipeni pa kwaya, ananena kuti zinthu za afiti kukacha zimasanduka nyemba. Mdzukulu wa bana Shawn ankatsegula m'mimba sabata imeneyo, monga theka la ana a m'komboni yonse, koma tsopano chifukwa chake chinali chitapezeka. Mawu akuti indoshi, amene ndi mfiti m'Chibemba, anayamba kutitsatira kumpopi, kumsika, ngakhale kutchalitchi. Ndimadana nalo dzina la komboni yathu. Amene anaitcha Mtendere sanagonemo.

Bana Shawn anatipatsa mpaka kutha kwa Sepitembala: achoke mkuluyo, apo ayi tichoke tonse. Moven anayenda ku Kalingalinga ndi ku Kalikiliki kufunafuna nyumba ina, koma mbiri inkafika iye asanafike. Musamuone ngati munthu woipa Moven. Ndi iye amene ankawasambitsa bambo ndi kuwameta ndevu, ngakhale masiku amene ankamufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Koma anandiuza mosabisa kuti ulendo wina anthuwo sadzabwera ndi miyala yokha, adzabwera ndi tayala ndi petulo. Anaimbira foni ba Chansa, mlongo wawo wa bambo, ndipo iwo anavomera kuwatenga. Ba Chansa nawonso ndi wamasiye wa maondo otupa, ndipo sanatinamize kuti ku Mpika kulibe anthu oloza chala. Anangoti kumeneko aliyense amadziwa mayi amene anabala Mutale, ndipo mwala suponyedwa msanga. Anabwera n'kufikira kwa anzawo a tchalitchi ku Mandevu. Matikiti anagulidwa a Lamulungu m'mawa.

Vuto linali limodzi. Bambo anaiwala zambiri, koma sanaiwale kuti ku Mpika safunako. Anachokako ali mnyamata, amalume awo atapereka kwa wina munda umene iwo anauswa okha, ndipo sanabwerereko ngakhale pamaliro. Titangotchula dzinalo anakhala pansi n'kukumbatira mwendo wa bedi, nati kumudzi adzapita ali m'bokosi. Moven anati basi tidzangowanyamula. Ndinamuuza kuti bambo anga si mbuzi yoti n'kumangidwa miyendo, ndipo ndinapempha Loweruka lokha. Ndinkadziwa kuti pamene pali maluwa mutu wawo umabwerera. Ndinkafuna kuwauza zoona ali ndi nzeru zawo, kuti akwere basi atavomera okha, ndipo ngati n'kotheka andikhululukire ine ndikumva.

Lachisanu madzulo, ndikukupiza mbaula, ndinati, "Ba Tata, mailo tizayenda ku Munda Wanga."

Mailo ndi mawa m'kalankhulidwe ka m'tauni, komanso ndi dzulo, ndipo kwa bambo masiku awiriwa anali atasakanikirana kale. Koma si mawu amenewo amene anatisokoneza. Munthu aliyense wa mu Lusaka amadziwa kuti Munda Wanga ndi dzina la malo, paki ya maluwa ndi mitengo ku Chilanga, kumene ana a sukulu amapita kukaona nyama ndipo akwati amakajambulitsa zithunzi. Bambo omwewa anandipititsako ndili giredi 3, atandinyamula pamapewa. Sindinaganize n'komwe kuti dzina lingathe kugwa m'mutu mwa munthu n'kutsala mawu ake okha.

"Munda wako?" anafunsa.

"Ee, Munda Wanga," ndinayankha, maso ali pa makala.

Ndinamva akuomba m'manja pang'onopang'ono, monga amachitira pothokoza, koma ndinayesa ndi za mutu wawo zomwezo.

Ndinazindikira m'mawa. Ndinali nditawasitira shati yoyera, koma anatuluka atavala ovolosi yobiriwira ija ndi majombo a mphira, kakhasu kali m'pepala la pulasitiki. M'thumba la pachifuwa munali kachitini ka polishi wa nsapato kamene ndinkakadziwa kuyambira ndili mwana. M'menemo ankasungamo nyemba za ku Mbala, zimene ankati adzabzala tsiku limene adzapeze malo awo. Zitatu zija zinachokera m'menemo.

Ndinayesa kukonza. Ndinawauza kuti si munda wanga ine, ndi dzina chabe. Anaseka, nanditsinzinira diso, nati ndachita bwino kubisa chifukwa m'komboni muli anthu a kaduka. Moven anandiyang'ana, koma ndinamuuza kuti ndikawafotokozera tikafika.

Sepitembala ku Lusaka ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi. Mvula imakhala idakali kutali, udzu wapsa, mapulasitiki akuuluka m'misewu, koma mitengo yokha siidikira. Imaphukira masamba anthete pa dothi louma gwa, ndipo majakaranda amachita maluwa a pepo mpaka kuyoyokera m'ngalande. M'tauni tinasintha minibasi n'kukwera ya ku Chilanga. Bambo anakhala pawindo, kachitini kali m'manja. Tisanadutse n'komwe Makeni anali atauza kale kondakitala, ndi mayi wonyamula nkhuku amene anakhala pambali pawo, kuti mwana wawo wamkazi wagula munda. Mayiyo anandigwira dzanja, nati ana otere ndi osowa masiku ano, ambiri akalemera amaiwala kholo. Ndinamuthokoza. Ndinkamva ngati ndaba m'tchalitchi.

Pageti anaima n'kuwerenga chikwangwani, chala chikutsatira zilembo m'mwamba.

"Walemba na zina lake," anatero. "Mwana uyu."

Atandiona ndikulipira polowera anadabwa pang'ono, kenako anadziyankha okha kuti alonda nawonso ayenera kudya.

Kunja kunali fumbi, koma mkatimo munali kapinga wobiriwira, mthunzi wa nsungwi zazitali, ndi kamtsinje koyenda pansi pa timilatho. Fungo la dothi lonyowa linandipweteka mtima, chifukwa kwathu madzi timachita kuwaimira pamzere ndi zigubu. Anthu anali ambiri. Panali achinyamata a tchalitchi china ovala masikipa ofanana, mabanja atayala zitenje pa kapinga, ndi mkwatibwi wina amene wojambula ankamuimika apa ndi apo, thukuta likusungunula zodzola kumaso. Bambo anawayang'ana onsewo nati ndili ndi mtima wa amayi anga, wolola anthu kudzasewera m'munda mwanga, koma ndiwauze asaponde m'mabedi a maluwa. Bambo wina wa mimba yake, poona ovolosi, anawakodola ndi chala n'kufunsa njira ya kumene kuli nyama. Iwo anamulozera kwina kulikonse, namuuza kuti akhale womasuka, pano ndi pa mwana wawo. Munthuyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi anga, ndipo ine ndinamuyang'ananso mpaka anachoka.

Kenako ndinaona chimene ndinadzera. Msana wawo unawongoka. Munthu amene kunyumba ankasochera pakati pa bedi ndi chitseko anayamba kunditsogolera, akutchula duwa lililonse dzina lake lachizungu monga anaphunzirira kwa madona a ku Kabulonga: bugenivilia, kana, haibisikasi, agapanthasi. Ankagwira tsamba n'kunena kuti ili lamwa madzi ambiri, ili likufuna kudulira mvula isanabwere. Nyama sanafune n'kuziona komwe, anati zimenezo n'za alendo. Sanandisokoneze ndi amayi ngakhale kamodzi. Titafika pa dziwe la maluwa oyandama anaima nthawi yaitali, nati n'zachisoni kuti amayi anafa asanaone zimenezi. Kwa chaka chathunthu anali asanavomerepo kuti amayi anamwalira. Ndinadziwa kuti nthawi yake ndi imeneyi, ndipo ndinachita mantha.

Tinakhala pa benchi pansi pa jakaranda. Ndinatulutsa mazira owiritsa, mabanzi ndi botolo la munkoyo, thobwa la kuno. Ndinawasendera dzira n'kudikira kuti ameze.

"Ba Tata, ba Chansa babwela. Bali ku Mandevu."

Anakondwa, nati ndiwabweretse adzaone munda, akauze a ku Mpika kuti mwana wa Mutale wapeza chimene iwo anamana bambo ake.

"Bafuna muyende nabo ku Mpika. Mailo."

Anaika dzira pa benchi. Sanadzigwetse pansi, sanakuwe. Anandiyang'ana ndi maso awo akale, amene ndinkawaopa ndikabwera ndi lipoti loipa la kusukulu.

"Mwango, mayo, niziba mutu wanga wayamba kutaya," anatero. "Niziba vamene banachita bantu paja pa nyumba. Niziba navutisa mwamuna wako. Nenze kupempa Mulungu kuti anitenge chabe, chifukwa nilibe nchito pa ziko. Manje wanipasa nchito. Nimangile kanyumba kang'ono kuja ku nsungwi, nichoke pa nyumba panu. Sinizavutisa muntu. Ku Mpika nikachite chani, munda uli kuno?"

Ndinali nditakonzekera kulira kwawo, kutukwana, ngakhale temberero. Izi sindinazikonzekere. Mawu amene ndinawayeseza sabata yonse anali pakamwa: munda si wanga, ndilibe kanthu, ndine walendi wa bana Shawn, ndipo mawa mukupita. Kuti ndiwanene ndinayenera kuwalanda munda umene anaudikira moyo wawo wonse, ataugwira maola atatu okha. Amalume awo aja anachita zomwezo, ndipo ine ndinakula ndikumva dzina lawo likutchulidwa ndi malovu. Ndinalephera. Ndinati ndikukasamba m'manja, ndipo ndinakaima pampopi kuseri kwa zimbudzi n'kulira, madzi akungotayika.

Pobwerera ndinapeza benchi ili yokha, dzira lolumidwa lili pomwepo, nyerere zitaliyamba kale. Pepala la kakhasu panalibe. Ndinathamanga m'tinjira tonse ndikufunsa aliyense ngati waona mkulu wa ovolosi, ndipo anthu ankangondilozera antchito a m'mundamo. Ndinakasuzumira ndi m'dziwe momwe. Ndinawapeza kumunsi, pafupi ndi kamtsinje, pamene panali bedi longotipulidwa kumene. Anali atagwada, akukumba, ndipo pambali pawo panaima mwamuna wamtali atagwira fosholo. Ndinaona za Ogasiti zija zikubwerera. Ndinafika ndikukuwa kuti ndi odwala, asawamenye, chilichonse chimene awononga ndikonza ine.

Mwamunayo anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Anali wa msinkhu wa Moven, ndipo anati dzina lake ndi Ngosa, amagwira ntchito m'mabedi a maluwa. Anandiuza motsitsa mawu kuti mkuluyo anamupeza akuwokera mbande, namudzudzula kuti akuzithithikanitsa, ndipo atayang'ananso anaona kuti mkuluyo akunena zoona. Anati amayi ake nawonso anadwala matenda omwewa ku Luanshya, choncho sanafunikire kuuzidwa zambiri.

"Mwango, uyu munyamata agwila bwino nchito," bambo anatero osatukula mutu. "Usamuchose."

"Zikomo, bwana," anayankha ba Ngosa, atavula chipewa.

Zaka makumi atatu ndi zinayi bambo anga ananena mawu amenewo kwa anthu ena. Aka kanali koyamba kumva munthu akuwanena kwa iwo, ndipo anangogwedeza mutu ngati ndi zozolowera.

Ba Ngosa anawapatsa mzere wa kumbuyo kwa bedi, kumene alendo saona. Bambo anatsegula kachitini n'kuyamba kubzala, nyemba ziwiriziwiri, akuyeza mpata ndi chikhatho, n'kukwirira ndi zala. Sanafulumire. Thukuta linkadontha pa mphuno, chipsera cha mwala chija chikunyezimira, ndipo ankaimba chapansipansi nyimbo ya Chibemba imene sindinaimvepo. Nyemba imodzi inagwera pa kapinga. Ba Ngosa anaitola, naitembenuza, nandionetsa kabowo ka nankafumbwe. Ataifinya inangosanduka ufa.

"Izi sizizamela, mayo," ananong'ona.

"Niziba."

"Balekeni babyale."

Atamaliza, ba Ngosa anabweretsa kheni n'kuthirira mzerewo, nalonjeza kuti azithirira tsiku lililonse. Bambo anavomera za masiku enawo, koma osati za mawa. Anati lamulo lawo, limene sanaliphwanyepo m'yadi ya munthu aliyense, ndi lakuti wobzala ndi amene amathirira m'mawa wotsatira, ndi dzanja lake, dzuwa lisanakwere. Akatero ndiye kuti ntchito yatha, wina aliyense atha kupitiriza. Anamuuza ba Ngosa kuti asakhudze mzerewo, iwo abwera m'mamawa ndi madzi a kunyumba.

M'minibasi pobwerera anagona, mutu uli paphewa panga, m'zikhadabo muli dothi lakuda. Ine ndinali nditasintha maganizo. Ndinati matikiti apse, ba Chansa abwerere okha. Ndidzapita kwa abusa, kwa tcheyamani wa komboni, kupolisi ngati kuli kofunika. Ndidzayala mphasa pachitseko kuti asatuluke m'mawa osandiponda, ndipo Loweruka lililonse ndizidzawabweretsa kwa ba Ngosa mpaka tsiku limene Mulungu adzawatenge. Ndinafika pokonza ndi mawu omwe amene ndikamuuze Moven. Ndinali wolimba mtima kwambiri m'minibasi muja, mmene munalibe wondiyesa.

Tinafika dzuwa likupendeka. Mzere wathu wa nyumba unali zii, chinthu chosachitika Loweruka, ndipo azimayi amene amakhala panja kulukana tsitsi anali atalowa m'nyumba. Moven anali atakhala pa sitepe. Pachitseko chathu panali patalembedwa ndi khala, zilembo zikuluzikulu, INDOSHI. Anali atayesa kufuta ndi madzi koma zinkaonekabe. Pambali pa chitseko wina anali atatsamiritsa tayala lakale la galimoto. Moven anati analipeza pobwera ku ntchito, ndipo palibe amene anaona woliika. Mdzukulu wa bana Shawn anali atadwalanso, ndipo masana omwewo anamugoneka kuchipatala.

Bambo analizungulira tayalalo, naligogoda ndi jombo.

"Ili ni labwino," anatero. "Ulipake penti yoyela, uikemo dothi. Maluba yamamela bwino mu tayala."

Anafunsa Moven ngati angathe kulinyamula kupita nalo kumunda. Moven anati inde, ba Tata, n'kutembenukira kukhoma. Mawu anga a m'minibasi aja sindinawatulutse. Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kupinda zovala zawo.

Lamulungu anadzuka ife tisanadzuke. Tinawapeza atavala kale ovolosi ndi majombo, atakhala pa bedi, pamiyendo pali chigubu cha malita asanu chimene anadzaza okha kuchokera m'ndowa yathu ya madzi akumwa. Za dzulo zambiri zinali zitafufutika. Moven sanamudziwe, ndipo ine ananditchula dzina la amayi kawiri. Koma nyemba ankazikumbukira, ndipo ankatifulumizitsa kuti dzuwa likwera. Chikwama chawo tinachiika m'saka. Atafunsa, ndinati ndi feteleza. Bodzalo linatuluka mosavuta, ndipo ndinadzinyansa.

Pa siteshoni ya mabasi akuluakulu ba Chansa anali akutidikira, atamanga chitenje cha amayi a tchalitchi. Anagwada ndi maondo otupa omwewo kulonjera mlongo wawo m'Chibemba, misozi ili m'maso. Bambo anawayankha mwaulemu monga amachitira ndi mlendo, n'kuwauza kuti sangachedwe chifukwa akupita kukathirira. Ndinawadutsitsa kumbuyo kwa basi kuti asaone chikwangwani cha kutsogolo, pakuti kuwerenga sanaiwale. Koma pakamwa pa oitanira sungatseke. Wina anakuwa pafupi ndi khutu lawo kuti Serenje, Mpika, Kasama, ndipo bambo anaima, phazi limodzi lili pa sitepe.

Anayang'ana basiyo, kutalika kwake, ndi akatundu amene ankalowetsedwa pansi. Anayang'ana ba Chansa. Kenako anandiyang'ana ine, ndipo maso a pa benchi aja anali atabwerera.

"Mwango, iyi basi iyenda kuti?"

Moven anayang'ana pansi. Ba Chansa anatsegula pakamwa, koma ndinawagwira mkono. Ndikanatha kunena zoona, ndipo apa akanandimva ndi nzeru zawo monga ndinkafunira. Akanakhala pansi pomwepo pa simenti ya mafuta, ndipo tikanawanyamula anthu akuonerera, kapena tikanabwerera nawo kumene kunali tayala.

"Iyenda ku munda, ba Tata. Uja aitanila basi inangu."

"Ku munda wako?"

"Ku munda wanga."

Anakwera. Kondakitala anafuna kuika chigubu pansi pamodzi ndi katundu, koma anakana, nachikumbatira pamiyendo. Ba Chansa anakhala mbali ya kanjira kuti asatuluke. Ndinazungulira kukaima pawindo. Anafunsa chifukwa chimene sindikukwera, ndipo ndinati ndibwera ndi basi yotsatira, ndiyambe ndakatenga tayala lija.

"Usachedwe," anatero. "Zuba ikakwela, nyemba zizapsa."

Basi inatuluka n'kulowera msewu wa kumpoto. Chilanga ili kumwera.

Mmene tinkafika kunyumba nkhani inali itamveka kale. Tayala linali litachoka, ndipo palibenso amene anaona wolichotsa. Azimayi anali atabwerera panja kulukana tsitsi, ndipo mayi wa kwaya uja anandilonjera mwachikondi, nafunsa ngati mdala wayenda bwino. Chimene chinali pakamwa panga si choti munthu n'kunena Lamulungu. Ndinatenga sopo ndi chisanza n'kuyamba kukwecha chitseko.

Foni inalira cha m'ma 2 koloko masana. Anali ba Chansa, ali ku Serenje. Anati kukutentha koopsa, m'basimo mawindo ena satseguka, ndipo mlongo wawo sanamwe kanthu chichokereni ku Lusaka. Madzi a m'botolo akuwakana, akuti amwa akamaliza ntchito. A m'chigubu salola munthu kuwakhudza. Basi ikangoima amaimirira n'kufunsa ngati afika, ndipo tsopano ayamba kulira, akuti dzuwa lakwera, nyemba za mwana wawo zapsa, ndipo mwanayo awachotsa ntchito.

"Manje nibauze chani?" anafunsa ba Chansa.

Kumbuyo kwawo ndinkamva mawu a bambo akufunsa ngati ndine, ngati ndakwera kale. Sopo ankandidontha m'chigongono, ndipo zilembo pachitseko zinali zikuonekabe.

"Bauzeni kuti mwasala pang'ono kufika," ndinatero.